Mdima nawo ndi mphunzitsi

Ikafika nyengo ya zionetsero za sayansi m'masukulu mwathu, pali mwambo umene sunalembedwe paliponse koma tonse timautsata. Timatsekula mawindo onse a holo, timayatsa mababu onse ngati magetsi alipo, kenako timandandalika matebulo kuyambira pakhomo mpaka kutsogolo n'kuyalapo ntchito za ana ngati milu ya tomato mumsika wa Zomba. Maganizo athu amakhala akuti malo akawala kwambiri ndiye kuti anthu aona bwino. Lero ndikufuna nditsutse maganizo amenewa, ndipo ndikupemphani makolo anzanga ndi inu aphunzitsi kuti mundimvere kaye mpaka ndimalize.

Nkhaniyi si yongokongoletsa holo ayi. Mwana amatha milungu itatu akulimbana ndi mawaya, mabatire ndi kababu kuti aonetse mmene magetsi amayendera. Tsiku la chionetsero timamuika pafupi ndi zenera, kunja dzuwa likuswa mtengo. Akalumikiza mawaya aja kababu kamayaka ndithu, koma palibe akukaona. Alendo amangoti "wachita bwino mwanawe" n'kumapita. Mwanayo amabwerera kunyumba akuganiza kuti wagwira ntchito yopanda pake, chonsecho vuto linali malo amene tinamuikawo. Mwana wotere chaka chamawa mukamuitana kuti adzaonetsenso, amangoti zikomo.

Diso lili ndi khalidwe lake

Tiyambe ndi diso lenilenilo. Pakati pa diso pali kabowo kakuda kamene ambiri timakatcha mwana wa diso. Kukawala kamachepa mpaka kufika mamilimita 2, kukada kamakula mpaka mamilimita 7 kapena 8 mwa achinyamata. Kuseri kwa diso kuli timaselo ta mitundu iwiri. Tina, tokwana 5 kapena 6 miliyoni, timagwira ntchito powala ndipo ndi timene timatizindikiritsa kuti ichi n'chofiira, icho n'chobiriwira. Tinato, toposa 90 miliyoni, ndi ta mumdima. Sitisiyanitsa mitundu, koma timamva kuwala kochepetsetsa. Vuto lake n'lakuti timadzuka mochedwa. Pamafunika mphindi 20 mpaka 30 kuti diso lizolowere mdima bwinobwino.

N'chifukwa chake mukachokera padzuwa n'kulowa m'khitchini yaudzu, mumayamba mwapunthwa pamphika musanaone kuti mayi akhala pakona. Si kuti m'khitchinimo mulibe kuwala. Maso anu ndi amene sanakonzeke. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pankhani ya mdima mwambi umenewu ndi sayansi yeniyeni.

Khalidwe lachiwiri la diso n'lakuti limathamangira pamene pakuwala kuposa malo ena. Pitani kudepoti usiku mukaone. Wokazinga chipisi amapachika nyale imodzi yokha pamwamba pa chiwaya, ndipo inu muli patali mumadziwiratu kumene kuli chipisi. Agogo athu ankadziwanso zomwezi. Nthano sankakamba masana. Ankadikira kuti kude, moto uyake, nkhope ya wokambayo iwale, zina zonse zibisike. Ana tonse maso ankakhala pamalo amodzi. Holo yowala mofanana paliponse ilibe moto wotero. Diso limangoyendayenda, limatopa, kenako mwini wake amayamba kufunafuna khomo lotulukira.

Phunziro la miyala ya ku Malosa

Amene munakwerapo phiri la Zomba mukudziwa kuti kupatula sitiroberi ndi mabulosi, m'mbali mwa msewu wopita ku Ku Chawe komanso cha ku Chingwe's Hole mumapezeka anyamata ogulitsa miyala. Miyala yambiri imachokera ku Malosa, phiri loyandikana ndi la Zomba chakumpoto. Mwina simukudziwa kuti miyala imeneyi ndi yotchuka kwa osonkhanitsa miyala padziko lonse, makamaka wakuda wosongoka uja wotchedwa aegirine, umene kawirikawiri umapezeka utamera pamwala woyera wa feldspar, nthawi zina pamodzi ndi quartz wooneka ngati wadetsedwa ndi utsi.

Ine ndimakonda kuima n'kumayang'ana mmene ogulitsa ochenjera amachitira. Sakupatsa mwala kuti uone uli patebulo ayi. Amaunyamula, amautembenuza pang'onopang'ono mpaka mbali imodzi itagwira dzuwa n'kuthwanima, kenako amautembenuzanso. Sanalowe m'kalasi ya zokonza zionetsero, koma akudziwa zimene akatswiri a nyumba zosungiramo zinthu zakale amaphunzitsa: chinthu chimaoneka maonekedwe ake enieni ngati mbali ina yawala ndipo ina ili mumthunzi.

Yesani kunyumba. Tengani mwala, chigoba cha nkhono kapena tsamba louma la chimanga. Liwalitseni ndi tochi kuchokera kutsogolo, pomwe pali maso anu. Lioneka lafulati ngati lojambulidwa papepala. Tsopano ikani tochiyo chammbali, motsika, kuti kuwala kudutse mokhudza pamwamba pake. Timizere tonse, timaenje ndi timitsempha tidzatulukira, chifukwa kalikonse kotukuka kakhala ndi kamthunzi kake. Mthunziwo ndi umene ukukuuzani nkhani.

Palinso za pansi pamene mwaika chinthucho. Aegirine wakuda mukamuika pansalu yakuda wasowa. Amafuna pepala loyera kapena lotuwa. Quartz woyera mukamuika papepala loyera wasowanso. Amafuna nsalu yakuda. N'zophweka, komatu ndaonapo matebulo ambiri oyalidwa zitenje zamaluwamaluwa, zokongola zedi, zimene zimameza chilichonse choikidwapo. Chitenje chokongolacho tisungire chinkhoswe. Pachionetsero pamafunika nsalu yopanda zolemba.

Kuwala kumadya zinthu

Mzinda wa Zomba uli ndi mwayi umene mizinda ina ilibe. Unali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo mabungwe ambiri osunga nzeru anatsalira kuno. Kuli National Archives of Malawi, kumene kwakhala kukusungidwa zikalata za boma kuyambira 1947. Kuli National Herbarium and Botanic Gardens, kumene amasunga masamba ndi maluwa ouma omatidwa pamapepala, ndipo munda wake wa zomera unayambitsidwa ndi Alexander Whyte mu 1891. Kulinso likulu la nthambi ya boma yofufuza za miyala ya Geological Survey, bungwe lofufuza za nkhalango la FRIM, ndi University of Malawi. Pafupifupi chilichonse chimene chionetsero chabwino cha sayansi chingafune chili m'tauni momwemuno.

Koma zinthu zina mwa zimenezi zimaopa kuwala. Mayi aliyense amene anaiwalapo chitenje pachingwe kwa masiku angapo akudziwa kuti dzuwa limasulutsa nsalu. Zomwezo zimachitika ndi inki, mapepala, masamba ouma, nthenga ndi mapiko a agulugufe. Ndipo chinthu chikasuluka sichibwereranso, ngakhale mutachibisa mumdima zaka 100.

Akatswiri amayeza kuchuluka kwa kuwala pogwiritsa ntchito muyezo wotchedwa lux. Dzuwa la masana likamawomba mwachindunji limafika pafupifupi 100,000 lux. Mwezi wathunthu sufika ngakhale 1 lux. M'nyumba zosungiramo zinthu zakale, zinthu zosachedwa kuonongeka monga mapepala, nsalu ndi zomera zouma amaziwalitsa ndi 50 lux basi, pomwe zithunzi zopentedwa ndi utoto wamafuta amazilola kufika cha m'ma 200. Tiwerengere limodzi: 100,000 kugawa ndi 50 ndi 2,000. Ndiye kuti ola limodzi padzuwa likufanana ndi maola 2,000 m'chipinda choyenera, omwe ndi masiku 250 ngati chipindacho chimatsekulidwa maola 8 patsiku. Mwaonatu? Tsiku limodzi la chionetsero pakhonde lingakalambitse chinthu ndi zaka zingapo.

Choncho mukalowa m'malo osungirako zinthu n'kupeza kuti mukuoneka kamdima, musafulumire kunena kuti akuumira magetsi. Akuteteza chuma cha adzukulu anu. Ndipo ngati sukulu yanu yabwereka kapena yasonkhanitsa zinthu zotere, malo ake ndi kutali ndi zenera. Miyala, zitsulo ndi mbiya ndiye zikhoza kukhala powala popanda vuto.

Phiri la Zomba litazondoka

Pali sayansi ina imene popanda mdima singaoneke n'komwe. Zaka 1,000 zapitazo, katswiri wina wobadwira ku Basra, Ibn al-Haytham, ali ku Cairo analemba buku lalikulu lofotokoza za kuwala ndi maso. Anasonyeza kuti kuwala kumayenda mowongoka ndiponso kuti timaona chifukwa kumalowa m'diso kuchokera kunja. Chida chake chachikulu chinali chipinda chamdima chokhala ndi kabowo. Isaac Newton naye, cha m'ma 1666, anatseka mawindo a chipinda chake n'kusiya kabowo kamodzi, ndipo kuwala kolowa pamenepo anakudutsitsa pagalasi la ngodya zitatu. Kuwala koyera kuja kunagawikana n'kukhala mitundu ya utawaleza. Akanatsekula mawindo onse ngati ife, sakanaona kanthu.

Zimene anachita akatswiriwa kalasi iliyonse ya ku Zomba ingathe kuzichita ndi makatoni a kugolosale. Sankhani chipinda chimene zenera lake layang'ana kuphiri. Tsekani mawindo onse ndi makatoni ndi mabulangete, musasiye mpata ngakhale pansi pa chitseko. Pakatoni ya zenera loyang'ana kuphirilo boolani kabowo kozungulira bwino, kukula kwake ngati kandalama kachitsulo kapena kucheperapo. Pakhoma loyang'anizana nalo pachikani nsalu yoyera. Kenako khalani chete, mudikire.

Ndinachitapo zimenezi ndi ana a m'banja mwathu pa holide. Mphindi zoyambirira kunali kudandaula kokhakokha: "Palibe chikuoneka apa, tiyeni tizipita." Patapita kanthawi wamng'ono kwambiri anakuwa kuti mitengo ikulendewera kudenga. Phiri linali pakhoma, nsonga yake ili pansi, mitambo ikuyenda chapansi penipeni, ndipo munthu wina wodutsa panjinga anadutsa miyendo ili m'mwamba. Sindinafunike kuwakakamiza kufunsa mafunso. Anafunsa okha chifukwa chake zazondoka, ndipo titajambula mizere iwiri yopingasana pakabowo paja anamvetsa nthawi yomweyo. Nditawauza kuti kuseri kwa maso awo chithunzi chimafikanso chozondoka chomwechi, ubongo ndi umene umachikonza, anayamba kuyang'anana m'maso ngati aonana koyamba.

M'chipinda chomwecho mungachite zambiri. Ikani kalilole mopendeketsa m'beseni la madzi, muwalitse ndi kuwala kwa dzuwa kolowera pampata, ndipo utawaleza uonekera pakhoma. Tengani lalanje ndi tochi imodzi, mwana azungulire atanyamula lalanjelo, aone yekha chifukwa chake mwezi umakhala wathunthu, kenako theka, kenako n'kusowa. Ngati mungapeze kanyale ka UV ngati kamene amayezera ndalama zachinyengo m'masitolo, walitsani chakumwa cha tonic ndipo chidzanyezimira mtundu wa buluu chifukwa cha kwinini ali mmenemo, mankhwala omwe aja ankachizira malungo kale. Zinkhanira nazo zimanyezimira ndi kuwala kumeneku, koma chonde chinkhanira chamoyo chisalowe m'kalasi.

Kunja kuno anzathu mdima anaupatsa ulemu kalekale. Mumzinda wa Munich ku Germany, mu 1925 anatsekula chipinda cha denga lozungulira choonetseramo nyenyezi ndi makina a kampani ya Zeiss, ndipo cha mtundu womwewo chinatsekulidwa ku Johannesburg mu 1960. Ku San Francisco, malo ophunzitsirako sayansi a Exploratorium, amene Frank Oppenheimer anayambitsa mu 1969, ali ndi gawo limene alendo amadutsa mumdima wandiweyani akupapasa ndi manja. Ku Germany konko, Andreas Heinecke anayambitsa chionetsero cha Dialogue in the Dark chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, chimene anthu osaona ndi amene amatsogolera oona. Ife ndalama zomangira zoterezi mwina tilibe, koma mdima si wogula.

Mdima usakhale msampha

Apa ndiye pofunika kusamala, chifukwa mdima wosakonzekera ndi ngozi. Choyamba, musatulutse munthu padzuwa n'kumulowetsa mumdima nthawi yomweyo. Pakhale kachipinda kapena kanjira kapakati kowala pang'ono, komwe alendo angaime mphindi zingapo wina akuwafotokozera zimene akukaona. Agogo amafunika nthawi yotalikirapo, chifukwa maso akamakalamba amachedwa kuzolowera mdima ndipo amafuna kuwala kochuluka kuti awerenge.

Chachiwiri, pansi pasakhale mawaya, masitepe kapena mipando yotayika. Ikani mzere wa laimu kapena tepi yoyera wosonyeza njira, ndipo khomo lotulukira lizioneka nthawi zonse. Wotsogolera akhale ndi tochi yokutidwa ndi pulasitiki wofiira, pakuti kuwala kofiira sikusokoneza kwambiri maso amene azolowera mdima. Ana azilowa m'magulu ang'onoang'ono, ndipo m'chipindamo muzikhala akuluakulu awiri, wamkazi ndi wamwamuna. Makolo tonse tikudziwa chifukwa chake. Mwana amene akuopa asasekedwe kapena kukankhidwira mkati. Aime pakhomo, alowa yekha akamva anzake akukuwa ndi chimwemwe.

Chachitatu, kandulo ndi koloboyi ayi. Chipinda chotsekedwa ndi makatoni ndi mabulangete chikagwira moto sichidikira munthu. Mzinda uno ukudziwa bwino za moto: mu 1919 moto unapsereza maofesi a boma kuno ku Zomba, ndipo zikalata zambiri za zaka zoyambirira za ulamuliro wa atsamunda zinapita pomwepo. Matochi a LED ndi nyale za sola n'zokwanira, sizitentha, ndiponso sizidalira kuti magetsi alipo kapena azima. Kanyale ka laser kapena ka UV kasalozetsedwe m'maso mwa munthu, ndipo mwana asayang'ane dzuwa kudzera pakabowo, pagalasi kapena pakalilole.

Tisaiwale kuti kuwala kopyola muyezo nako kumasala anthu. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muno muli anthu oposa 134,000 a khungu lachialubino, ndipo ambiri mwa iwo maso awo amavutika ndi kuwala kothobwa. Mwana wotere mukamuimika kutsogolo kwa zenera kapena kwa pepala lokutidwa ndi pulasitiki wonyezimira, mwamutsekera chionetsero ngakhale khomo lili lotsekula. Zolemba zikhale zikuluzikulu, zakuda papepala losanyezimira, ndipo zipachikidwe pomwe mwana angayandikire n'kuwerenga. Zikamuyendera bwino iyeyo, zayenderanso bwino wina aliyense.

Holo imodzi, zigawo zitatu

Tsono holo ya sukulu tiikonze bwanji? Ine ndingaigawe patatu. Pafupi ndi khomo ndi mawindo pakhale zinthu zokonda dzuwa: mbewu zomera m'mabotolo, mbaula zosawononga nkhuni, zosefera madzi, timakina ta sola. Ngati tebulo lili pafupi ndi zenera, mlendo aime zenera lili kumbali kwake, osati kutsogolo kwake, kuopa kuti angamaone mthunzi wa mwanayo m'malo mwa ntchito yake.

Pakati pakhale gawo la kamdima, mawindo ake otchingidwa ndi makatani kapena mapepala. Apa ndi pa miyala, zigoba, masamba ouma, tizilombo ndi ntchito za mababu. Chinthu chilichonse chofunika chikhale ndi nyale yakeyake, yochokera pamwamba chammbali, yobisika kuti isalase m'maso. Katoni yopakidwa makala mkati, yoikidwa chogona, imasanduka kabokosi kabwino koonetseramo kababu ka mwana uja. Ngati mukugwiritsa ntchito bokosi lagalasi, kumbukirani mmene zenera la nyumba limachitira usiku: muli mkati mowala mumangodziona nokha. Galasi limasanduka kalilole kwa amene waima kumbali yowala. Ndiye mkati mwa bokosimo muwale kuposa kunja.

Kumapeto kwenikweni kukhale chipinda chamdima chija, ndipo chikhale chomaliza kuchiona. Potero maso amakhala akuzolowera pang'onopang'ono mlendo akamayenda, ndipo chosangalatsa kwambiri chimabwera pothera.

Zonsezi mphunzitsi wa sayansi sangazithe yekha, pajatu mutu umodzi susenza denga. Komiti ya makolo ingasonkhe makatoni, mabulangete ndi matochi. Telala wa pamsika angasoke makatani akuda ogwiritsidwa ntchito chaka ndi chaka. Kalipentala angakhome timabokosi. Ophunzira a sayansi a ku yunivesite angabwere kudzathandiza Loweruka limodzi. Ndipo kwa mabungwe ndatchula aja pempho langa ndi ili: tsiku la 16 Meyi chaka chilichonse bungwe la UNESCO linalipatula kuti likhale lokumbukira kuwala, pokumbukira tsiku limene Theodore Maiman anayatsa laser yoyamba mu 1960. Bwanji tsiku limenelo miyala, masamba ndi mapu akale zitakumana m'holo imodzi ku Zomba, zitawalitsidwa moyenera, ana a ku Chinamwali, Sadzi, Matawale ndi Chikanda n'kubwera kudzaona?

Pomwe tikudikira zimenezo, chionetsero chachikulu kuposa zonse chilipo kale ndipo salipiritsa. Phiri la Zomba limapitirira mamita 2,000 kutalika kwake, ndipo pamwamba pake magetsi a m'tauni safika kwenikweni. Sankhani usiku wopanda mwezi ndi wopanda nkhungu m'miyezi ya Juni kapena Julayi, muvale zamphepo, mupite m'gulu ndi munthu wodziwa bwino malowo. Amene simungakwere phiri, bwalo la kumudzi kutali ndi mababu likwanira. Zimitsani matochi, mafoni alowe m'thumba, mupirire theka la ola. Mlalang'amba udzaonekera ngati njira ya ufa wotayika kudutsa kumwamba, ndipo chakumwera mudzaona nyenyezi zinayi zopanga mtanda. Ana akayamba kufunsa, musathamangire kuyatsa foni kuti mufufuze yankho, chifukwa mukatero mwayambiranso kudikira mphindi 30. Mafunsowo asungeni, mukawayankhe mawa kukacha.